Mabisiketi Ophika Kawiri

Fungo la khungu la nachesi likamapsa pamakala limandibwezerabe ku Lisungwi, m'nyengo yozizira imene tinatsika kuchokera kwathu ku Ligowe. Bambo anali atapita ku Joni, ndipo ine ndi amayi tinkachita lendi kanyumba kuseri kwa magolosale. Sitinkadziwa aliyense. Amayi, amene kwathu ankacheza mpaka ndiwo kupserera, kuno analibe ngakhale wokamupempha mchere. Ankakhala pakhonde nkumapatsa moni anthu amene ankayankha akuyenda. Zinkandimvetsa chisoni.

Tsiku lina anatulutsa ufa wa tirigu wochokera kumapiri, nakanda ndi mazira, shuga, mtedza wokazinga ndi khungu la nachesi lopalapala. Anati anaphunzira kwa azakhali awo amene ankaphikira masisitere a ku Italiya. Ine ndi mtima wanga wofuna kudziwa chilichonse ndinali pomwepo, mphuno pafupi ndi mbaula. Chinandidabwitsa choyamba ndi sefuliya. Anasiya yathu yakale natenga yatsopano, imene inali isanalawepo ndiwo. Anaika mchenga pansi, makala pachivundikiro, ndipo chimkatecho chitapsa bwinobwino anachidula mapisi nkuwabwezeranso pamoto. Ndinawafunsa ngati poyamba analakwitsa. Anangoseka nkundiuza kuti ndikupize moto.

Mabisiketiwo anatuluka ouma gwa! Ndinaluma limodzi, dzino langa logwedera nkutsala pang'ono kutsanzika. Amayi anawagawa m'mbale zawo za ukwati, nandituma kwa anansi. Kwathu mbale siibwerera yopanda kanthu. Ikabwera ndi kamtedza kapena kambatata, ndiye kuti mwalandiridwa. Amayi anayamba kudikira, ndipo aliyense akadutsa kumpanda ankakonza chitenje.

Mbale sizinabwere. Ine ndinayamba kuzemberera m'mipanda ya eni kuti ndione kumene mabisiketi athu anathera. Kwina ndinapeza ana akugenda nawo galu. Kumjigo ndinamva mayi wina akuseka kuti alendo aja agawira anthu buledi wa dzana. Zimenezi amayi sindinawauze.

Kenako madzulo ena, dzuwa likupendeka, kunabwera amake Yusufu, akazi a mwini golosale. Anali Asilamu, mayi wamtali wosalankhulalankhula, ndipo ine ndinkawaopa. Ananyamula mbale yathu yovindikira kansalu. Amayi anailandira ndi manja awiri akumwetulira, koma atavundukula kumwetulira kuja kunatha. Munali mabisiketi athu omwe aja, osakhudzidwa ngakhale limodzi. Kubwezeredwa chakudya chako chomwe!

"Musakhumudwe, amake Tadala," anatero mlendoyo. "Fungo lake landisautsa masiku onsewa. Koma ndamva kuti kwanu mumaweta nkhumba. Kodi munaphikira muti?"

Amayi anaika mbaleyo pansi. Analowa m'nyumba nkutuluka ndi sefuliya yatsopano ija, mchenga uli momwemo. Anati anaisankha dala poganizira iwowo, ndipo mafuta ake anali a m'botolo, a m'golosale mwawo momwe. Amake Yusufu anaitembenuza, anainunkhiza, kenako anakhala pamphasa.

Amayi anatereka tiyi, nawaonetsa kuti bisiketi lotere umayamba waliviika mu tiyimo. Ine maso anali pakamwa pa mayiwo, kudikira kuti dzino lithyoke. Sizinatero. Anatafuna pang'onopang'ono, natenga lina, nafunsa kuti chinthu chimene chakhala masiku onsewa chikukoma bwanji ngati chaphikidwa lero. Anacheza mpaka nkhuku kulowa, ndipo ndinamva amayi akuseka kuseka kwawo kwa ku Ligowe kuja.

M'mawa mwake mbaleyo inapitanso, nkubwera yodzaza ndi mandasi. Mbale zinazo zinabwera mwa apo ndi apo, amake Yusufu atalalikira kumjigo za kuviika mu tiyi. Imodzi sinabwere mpaka lero.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirirabe kuti amayi anaphika kawiri chifukwa koyamba sizinapse, kungoti ankachita manyazi kuvomera. Ndazindikira nditakula, nditasamukirapo nanenso kumalo kosadziwa munthu. Akanaphika chigumu, chikanachita nkhungu amake Yusufu asanalimbe mtima kudzafunsa. Amayi anaphika chinthu chotha kudikira, chifukwa ankadziwa kuti chakudya cha mlendo anthu sachidya tsiku lomwelo.