Ndodo ya Mkuwa Kuseli kwa Khichini

M'kabati yanga muli kachidutswa ka waya wobiliwila, kotalika ngati chala. Ndakasunga kuyambila chilimwe chimene atate, omwe anali kalaliki pa boma ku Petauke, anapatsidwa nyumba yakale imene mzungu wina anasiya ufulu utabwela. Ine ndinali mtsikana wa giledi yachitatu.

Nyumbayo inali ndi nyale zamagetsi zolendewela kudenga, zogwilila mababu ake zili zachitsulo. Tsiku lina amai anakwela pampando kuti apukute nyale imodzi ndi nsalu yonyowa. Magetsi anawagwila, anagwa pansi, ndipo mkono wao unachita dzanzi mpaka madzulo. Atate analembela kalata amalume, mlongo wao wa amai, amene ankagwila nchito ya magetsi ku Migodi.

Amalume anafika mu Okutobala, nyenje zikulila m'mitengo ya mango. Asanakhudze chilichonse anazimitsa magetsi pa bokosi lalikulu, natulutsa mafyuzi n'kuwaika m'thumba la malaya. "Fyuzi ikakhala m'thumba mwanga, palibe angandiphe mosadziwa," anatelo. Anakwela m'denga, ndipo potsika ankanunkha zitosi za mileme. Mawaya akale amene anatulutsa anali awili okha, ndipo mphila wake unkafumbutuka m'manja ngati makoko a nshawa zokazinga. Iwo anakoka atsopano atatu: wofiila, wakuda, ndi wobiliwila. Wobiliwilawo anaumangilila pa chitsulo cha nyale iliyonse, naupititsa ku bokosi, kenaka kunja.

Kuseli kwa khichini anakumba dzenje, nakhomelamo ndodo ya mkuwa, nathila makala osinja ndi mchele, namangililapo waya uja. Ine anandipatsa lamulo limodzi: ndowa ya madzi m'mawa uliwonse, chifukwa dothi louma silikoka magetsi. Lelo ndimamvetsa dongosolo lake. Waya wofiila ukakhudza chitsulo, moto umathawila m'nthaka ndipo fyuzi imapsa; popanda njila imeneyo, umadzela m'mkono wa munthu. Amai anapulumuka mwamwai chabe.

Koma mpanda wathu unali wa udzu, ndipo mai wina woyandikana nafe anaona zonse. Zaka zimenezo mchele tinkaufolela pamzele kusitolo ya boma. Munthu wa nzelu zake angaukwilile bwanji m'dothi, pamodzi ndi makala ndi chitsulo? Pasanathe sabata, mbili inamveka kuti nyumba yathu yatsilikidwa ndi mankhwala ochokela ku Migodi. Sindiwaweluza anthuwo. Anaona zinthu zitatu zimene makolo ao ankakwilila pa zifukwa zina, ndipo anaŵelenga monga anaphunzitsidwila.

Loweluka masana kunabwela mkulu wa mpingo. Anakhala pansi pa mango, chipewa pa bondo. "Amai, munthu wa mpingo satsilika nyumba," anatelo. Anati chinthucho chizulidwe, apo ayi amai aimitsidwa pa mgonelo ndi m'chigwilizano cha amai, m'mene munali anzao onse m'tauni yachilendoyo. Amalume anajambula mawaya atatu padothi ndi kamtengo, nafotokoza mofatsa kaŵili konse. Mkuluyo anamvetsela mpaka kumapeto, kenaka anafunsa kuti, "Nanga mchele, bambo?"

Ndikukumbukila kuti amalume anayang'ana mkono wa amai, nafufuta chojambula chija ndi phazi. Anati anakwilila okha, mlongo wao sakudziwa kanthu. Kuti iwo si a mpingo, choncho mlandu ukhale wao. Ndi kuti achoka mailo lomwe. Koma ndodoyo, anatelo, aliyense woizula adzayankha yekha za moyo wa amai. Palibe amene anafuna kuigwila. Amai sanaimitsidwe.

Tchuthi cha amalume cha kunchito chinali chitatsala sabata ziwili. Ndinawapelekeza pokwelela basi, nditanyamula thumba la zida, lolemela ndi lonunkha gilizi. Anadula kachidutswa ka waya aka nandipatsa. "Uzithilila ndodo ija mpaka mvula ibwele, wamva?" Sanabwelenso ku Petauke. Chaka ndi chaka ankatumiza mababu okulungidwa m'nyuzipepala, mpaka chaka chimene m'malo mwa mababu kunafika telegalamu ya imfa yao.

Ndinathilila m'mawa uliwonse, ngakhale mvula itayamba. Ndinkakhulupilila kuti chimene munthu wakwilila ndi kuthilila chiyenela kumela, ndipo chikamela mwini wake amabwela kudzaona. Ndinkagwada kufunafuna mphukila pa mkuwawo. Amai ankaima pakhomo la khichini, akusisita mkono uja, ndipo sanandiletse ngakhale tsiku limodzi. Ine ndinkaganiza kuti naonso akudikila kuti imele.