Dzanja la a Ngagne

A Ngagne Dièye akhala akupaka mabwato utoto pamchenga wa kumudzi wa asodzi wa Guet Ndar kuyambira ali mnyamata. Asanaviike burashi, amayamba azula chotsekera chamtengo cha pabowo lotulutsira madzi, n'kubayabaya ndi mpeni mozungulira. Thabwa likakhala lolimba, amakulunga chotsekeracho m'chiguduli, kuchikhomerera, n'kumata phula. Utoto umabwera pambuyo.

Daba ankawaona tsiku ndi tsiku ali poyanikira nsomba, mwana wake Ndiémé kumbuyo. Mwamuna wake, Birame, ankapita kunyanja pa bwato la a Madické.

Sabata ina a Ngagne anagona ndi malungo. Ana a Madické anapaka okha bwatolo, analemba dzina la agogo awo aakazi m'mbali, n'kuthira chambiko kumutu kwake. Kuno bwato likalembedwa dzina n'kumwa mkaka, lasanduka mayiyo. Sulikhudzanso ndi chitsulo.

A Ngagne atadzuka anafika akudzandira, nakanikiza chala pambali pa chotsekera. Chalacho chinalowa m'thabwa ngati m'papaya lakupsa.

"Madické, mayi akowa awola kunsi."

"Mukutukwana ndani, madala? Malungowo akwera kumutu eti?" anatero a Madické, anyamata n'kuseka. "Ayezi wosungira nsomba akusungunuka, mawa tikunyamuka. Matani phula basi."

"Phula pachilonda cha mafinya? M'menemu mukwera ana a eni."

"Osambira onsewa. Pitani mukagone."

Daba anasiya nsomba zake n'kuyandikira. Anaona a Ngagne akutola nkhwangwa ya mmisiri wa matabwa, nalowa m'bwato. Phu! Phu! Thabwa lofumbwa linaphwanyika, pakatsala bowo loti mutu wa munthu n'kudutsa.

"Watema amayi! Galu ameneyu watema amayi!" anakuwa a Madické.

Anyamata aja anawakokera a Ngagne pamchenga ndi miyendo. Woyamba kuwamenya anali Birame, ndi nkhafi. A Ngagne anatchinga ndi dzanja lamanja, ndipo Daba anamva fupa likuthyoka ngati nkhuni youma. Ena anabwera ndi zidendene, wina ndi chingwe chonyowa. Mano anagwera mumchenga.

"Bambo a Ndiémé, lekani! Mupha munthu!" Daba anagwira malaya a mwamuna wake. Chigongono chinamupeza pakamwa, mwana kumbuyo n'kulira mpaka mawu kutha. Anawaleretsa ndi amayi ogula nsomba, amene anazinga mkuluyo ndi mabeseni awo.

Bwato silinapite. Linakhala pamchenga mpaka thabwa latsopano litapezeka, nyengo ya nsomba ikudutsa. Birame ankangokhala pakhomo nkhope ili gwa, ndipo Daba ankayenda monyang'ama m'nyumba mwake momwe. Koma mpunga ankapakulira anthu atatu, ngakhale mwana anali akadali kubere.

Dzanja lija linapola mopindika. A Ngagne tsopano amapaka ndi lamanzere, zilembo zikupendama, ndipo eni mabwato ambiri amawalambalala. Birame akatuluka, Daba amabisa mbale ya mpunga ndi nsomba m'nsalu, n'kudzera kuseri kwa mabwato.

"Mwamuna wako akudziwa?" amafunsa a Ngagne.

"Idyani msanga, agogo."