Kalata Imene Inagona M'buku la Aphunzitsi

Mkazi wanga anamwalira mvula ili pakati, chimanga chitangoyamba kumasula. Anandisiyira ana atatu, wamkulu anali mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi. Tinkakhala kwawo kwa mkazi wangayo ku Chiparamba, pakuti ine ndinali mkamwini. Nkhondo ya azungu inali itangoyamba, ndipo ku Boma, kumene lero akuti Chipata, malole ankanyamula anyamata kupita nawo ku usilikali. Ine nkhawa yanga chaka chimenecho inali pa limba.

M'tchalitchi chathu cha udzu munali kalimba kopopa ndi mapazi, kamene wansembe wina anakasiya posamuka. Aphunzitsi athu a katekisimu, mkulu wa imvi wolankhula pang'onopang'ono, ankadziwa kuimba nako nyimbo ziwiri zokha, ndi chala chimodzi. Mwana wanga wamkulu uja anaziphunzira pongowayang'ana. Kenaka anapeza thabwa, najambulapo ndi khala timatabwa toyera ndi takuda ta limba, ndipo akamaliza kusinja ankakhala pakhonde n'kumayendetsa zala pa thabwalo, akung'ung'udza. Mayi ake ndiwo ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi. Ali chigonere anandiuza kawiri konse kuti mwanayu ndisadzamusiye ndi thabwa.

Mu Lenti wansembe atabwera kudzachita Misa, analengeza kuti masisitere a ku mishoni yaikulu adzatenga atsikana owerengeka kukawaphunzitsa limba miyezi itatu, anthu akakolola, sukulu zitatsekedwa. Ndinapempha aphunzitsi kuti atilembere kalata, ndipo inapita m'thumba la wansembeyo. Yankho linayenera kudzera mwa aphunzitsi omwewo, monga makalata onse a ku mishoni.

Pasaka inadutsa kuli zii. Tinayamba kukumba mtedza kuli zii.

Lamulungu lina masana kunabwera alamu anga pa njinga. Anali mlongo wake wamkulu wa mkazi wanga, mphunzitsi pa mishoni ya mpingo wina cha ku Kasenengwa, munthu wovala taye ngakhale kumunda. Mwa mwambo wathu iwo ndiwo anali eni ana anga, ndipo akanatha kumutenga mtsikanayo osandifunsa. Koma anakhala pampando, navula chipewa.

"Alamu, masisitere anu aja ayankha?"

"Sanayankhe."

"Kapena akuipemphererabe kalatayo."

"Kapena," ndinatero.

Anaseka pang'ono, kenaka analongosola chimene anadzera. Kwawonso kunali maphunziro otero, miyezi yomweyo. Dona wina, mayi wachizungu, ankaphunzitsa limba ndi kuwerenga nyimbo za m'buku. Mphunzitsi aliyense analoledwa kupereka dzina la mwana mmodzi, ndipo maina ankatsekedwa Lolemba la sabata yotsatira.

"Ndidzabweranso Lamulungu likudzali. Mudzandiuze inde kapena ayi. Mukadzati ayi, ndidzalembetsa mwana wanga, nayenso akulira usiku ndi usana. Koma ndayamba ndi wa mlongo wanga."

Iwo ankadziwa, inenso ndinkadziwa, chimene chinkamuchitikira Mkatolika wotumiza mwana kukaphunzira ku mpingo wina masiku amenewo. Ankaletsedwa kulandira Ukaristia mpaka mwanayo atabwerako. Chibatizidwire changa ndinali ndisanaphonyepo Ukaristia wansembe akabwera, ndipo chimwalirire mkazi wanga ndi pokhapo pamene mtima wanga unkakhala pansi.

Ku mishoni yaikulu unali ulendo wa masiku awiri wapansi. Sindikanapitako, chifukwa tinali tisanamete kachiwiri, ndipo wamasiye tsitsi la maliro lili kumutu sayenda maulendo otero. Kumetako kunakonzedwa Loweruka la pambuyo pa tsiku limene alamu anaika. Masiku asanu ndi limodzi okha ndiwo anasiyanitsa.

Lolemba mwana wanga anangosinja, thabwa osalikhudza. Lachiwiri anatulutsa thabwa lija, naliyang'ana, nalibwezanso kuseri kwa nkhokwe. Lachitatu tikuthothola mtedza anati, "Atate, pitani mukawafunse aphunzitsi."

"Kukanakhala kalata akanabwera nayo."

"Kafunseni basi."

Ndinapita. Ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, buku lawo la mapemphero lili pamiyendo, lomangidwa ndi luzi chifukwa chikuto chinali chitathothoka. Tinapatsana moni. Tinakamba za chiswe chimene chinalowa m'mizati ya tchalitchi. Tinakamba za thonje. Mawu a kalata anali pakamwa panga, koma ndinagwira kumutu n'kumva tsitsi lija, ndipo ndinachita manyazi. Mwamuna amene mkazi wake sanathe miyezi isanu m'manda, angayambe bwanji kufunsa za zoimbaimba? Ndiye ndinazungulira.

"Aphunzitsi, kaya ku mishoni kuli bwanji masiku ano?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pa buku. "Kuli bwino, bambo. Onse ali bwino."

"Chabwino."

"Kumeta ndi Loweruka lija?"

"Loweruka la sabata yamawa."

"Tidzafika," anatero.

Pobwerera ndinapeza mwana wanga ataima panjira pafupi ndi dimba. Ndinapukusa mutu, iye anatembenuka natsogola mpaka kunyumba.

Masiku otsalawo ndinapemphera kolona m'mawa uliwonse ndisanapite kumunda, ndikupempha chinthu chimodzi, kuti njinga ya ku mishoni itulukire. Ndikamva belu la njinga kumsewu ndinkaimika khasu. Tsiku lina anali wogula nkhuku, tsiku lina mesenjala wa ku Boma. Ndinayamba kuganiza kuti masisitere atenga ana a pafupi, ana a makalaliki odziwa kale Chingerezi, ndipo wa mlimi ngati ine amuiwala. Ndikakana kwa alamu, n'kupezeka kuti ukunso kulibe malo, mwana akanatsala ndi thabwa lake, ndipo chaka chamawa akanakhala wamkulu woti anthu ayamba kumufunsira.

Lamulungu alamu anafika titangotuluka m'mapemphero. Anaitana azilongo awo awiri kuti akhale mboni, tonse tinakhala pamphasa.

"Nanga alamu?"

Ndinayang'ana kumsewu komaliza. Kunalibe munthu.

"Mutengeni," ndinatero, ndipo ndinaomba m'manja. Iwonso anaomba, amayi aja anavomereza. Mwana wanga anali pakhomo, atagwira chitseko.

Loweruka tinameta. Anthu anasonkhana m'mawa, tinapemphera, lumo linayenda pamitu yathu tonse, tsitsi linakwiriridwa. Alamu analipo. Anthu atayamba kudya, aphunzitsi anandikodola, tinapita kuseri kwa nyumba. Anamasula luzi la buku lawo, natulutsa envulopu yopindika pakati.

"Tsopano mwayera, bambo, ndikhoza kukupatsani. Ndi nkhani yabwino. Yakhala ndi ine masabata atatu."

Sindinailandire msanga. "Masabata atatu?"

"Sindikanalowa nayo m'nyumba ya maliro nkhani ya nyimbo. Anthu akanati chiyani? Tsiku lija munabwera ndinayesa mufunsa. Mukanafunsa ndikanakupatsani. Pamene simunafunse ndinati, bamboyu akudziwa mwambo, akudikira kumeta."

Anandiwerengera. Masisitere anamulandira mwana wanga. Anati yankho lathu lidzaperekedwe kwa wansembe pa Pentekoste, akadzabwera kudzachita Misa kwathu. Pentekoste inali mawa lake.

Za alamu aphunzitsi sanadziwe, pakuti tinazisunga m'banja. Nditawauza anakhala pa mtondo wosinjira wogubuduzika, buku lili m'manja.

Ndinaitana alamu ndi mwana wanga, ndinawaonetsa kalatayo. Alamu anaiwerenga okha, kawiri, naipinda bwinobwino.

"Nthawi ikadalipo, alamu. Mawa mukhoza kuvomera." Mawu awo anali otsika. "Koma dzina ndinalembetsa Lolemba, ndipo maina atsekedwa. Wanga uja ndinamuuza kuti chaka chino ayi, sanadye masiku awiri. Mukabweza mawu, malowo apita pachabe, ndipo ine ndikaima pamaso pa dona uja ngati munthu wosadziwa za m'banja mwake. Sindikukakamizani. Ndikungokuuzani mmene zilili."

"Ndamva, alamu."

"Ndiponso limba ndi limba. Lathu silinabatizidwe mwina."

Palibe anaseka. Ndinafunsa mwana wanga, mutu wake uli mbee ngati wanga, "Iwe ukuti bwanji?"

"Ine ndikufuna kuphunzira, atate, kulikonse." Anayang'ana pansi. "Koma sindikufuna kuti inu muzikhala kumbuyo m'tchalitchi chifukwa cha ine."

Ndinawasiya, ndinapita kudimba, ndinakhala pa chitsime kufikira dzuwa litapendeka. Ndinafuna kuwakwiyira aphunzitsi, koma ndinaona kuti chimene chinawatseka pakamwa ndi chomwecho chinanditseka ine, titakhala moyang'anana, kalata ili pakati pathu. Ndinaganiza za mwana wa alamu amene analandidwa malo kuti wanga apite. Ndinaganiza za manja amene ndinaomba pamaso pa abale a mkazi wanga. Ndinayesa kupeza njira yoti ndibweze mawu popanda kulakwira munthu, sindinaipeze.

M'mawa mwake Misa isanayambe ndinapita kwa wansembe, ali kuvala mikanjo kuseri kwa tchalitchi. Ndinamufotokozera zonse, osatchula kuti kalata inachedwa kuti. Anandimvetsera, kenaka anati, "Mukudziwa lamulo."

"Ndikulidziwa, abambo."

"Mungathe kusintha lero lomwe. Mawu amodzi okha, ndikawauza masisitere."

"Mawu ndinapereka kale kwina. Muwathokoze masisitere, malowo apatse mwana wina."

Anapuma mozama, namanga lamba wake. "Mpaka atabwerako," anatero.

Tsiku limenelo ndinakhala pa benchi lomaliza, pafupi ndi khomo. Anthu atanyamuka kukalandira Ukaristia, ena anatembenuka kundiyang'ana, chifukwa ankazolowera kundiona kutsogolo. Ndinagwada, maso pansi. Ndiye ndinamva munthu akugwada pambali panga, mawondo akulira. Anali aphunzitsi. Iwo sanaletsedwe ndi munthu, koma sanapite kukalandira. Wansembe anabwera katatu m'miyezi imeneyo, ndipo katatu konse mkuluyo anagwada nane kumbuyoko. Za kalata sitinakambenso.

Mwana wanga anapita pa njinga ya amalume ake sabata yotsatira, atanyamula bulangete la mayi ake, chifukwa kunali kutayamba kuzizira. Anabwerako mitengo itaphuka masamba ofiira, atanenepa pang'ono, ali ndi kabuku kodzaza zizindikiro za nyimbo zimene ine sindinkazimva. Wansembe atabwera anamufunsa katekisimu yense kuyambira pachiyambi, kuti aone ngati sanamusokoneze. Anayankha zonse. Pamenepo analoza kalimba kaja.

Anakhala, naika mapazi pa zopopera, nayamba ndi manja onse awiri nyimbo imene mayi ake ankakonda kuyambitsa. Kalimba kanali ndi timatabwa tiwiri takufa, ndipo iye ankatidumpha. Nthawi yolandira itakwana, aphunzitsi anandigwira pachigongono, tinanyamuka tonse awiri kuchokera pa benchi lomaliza.