Majumbo a Amayi a Zitumbuwa

Amayi ogulitsa zitumbuwa pamphambano yopita ku Kachebere safuna kumva za tsamba la nthochi. Amati kukulunga chakudya m'masamba kunatha ndi ulamuliro wa chipani chimodzi. Ugule chitumbuwa chimodzi chokha, amakuikira m'jumbo labuluu la ku Chipata, n'kukuuza kuti, "Koka uone, mwanawe. Majumbo anga sang'ambika." Anthu akadya amataya pomwepo, mphepo n'kumakankhira majumbowo kuseri kumene mayiwo amamangirira mbuzi.

Chaka chatha tonde amene ankasungira chinkhoswe cha mwana wawo Imelda anayamba kuwonda, mimba yokha ikutupa. Mayiwo sanachedwe kupeza mfiti: a Dickson oyandikana nawo, amene analakwa kuyamikira mbuziyo pagulu. Moni anathera pomwepo.

Tonde atafa, wodziwa kusenda pamudzipo anali a Dickson omwewo. Atang'amba chifu, anasolola chimtolo cha majumbo abuluu n'kuchiika pamapazi pa mayiwo.

"Ufiti wanga uja ndi umenewu, amake Imelda?"

Mayiwo anatola jumbo limodzi, n'kulikoka uku ndi uku.

"Mwaonatu," anatero. "Ngakhale m'mimba mwa mbuzi silinang'ambike."