Lamba wa injini anakoka chitenje cha mwana wanga

Ndinakwera njinga imene mtima wanga unkaikana, mwana ali kumsana, ndipo tsoka linagwera mwana wosalakwayo. Inu owerenga, makamaka amayi anzanga oyenda pa kabaza, ndimvereni mpaka ndimalize. Sukulu sindinapite nayo patali, koma zimene ndinaona ndi maso angawa ndizinena momwe zinachitikira.

Kwathu ndi kuchigwa cha Bwanje, kolima mpunga. Amuna anga ndi a kumtunda, cha ku Nsipe, anabwera kudzakhala kwathu chikamwini. Tili ndi mwana mmodzi wamkazi, Takondwa, amene pa nthawiyo anali atangoyamba kukwawa. Ntchito ya bambo akewo ndi kabaza wopalasa, kunyamula anthu ndi matumba a mpunga kupita ku Sharpevale. Amene anafikako kuno akudziwa dzuwa lake. Madzulo amuna anga ankabwera malaya atachita mchere kumsana, kukhala pansi mpaka agwire kaye khoma chifukwa cha mawondo. Ndiye kunabwera anyamata a njinga zamoto, anthu n'kuyamba kuwathawa opalasa, ati amachedwetsa. Malume anga, mlongo wawo wa amayi, samangira pakamwa. Akawaona amuna anga akukankha njinga pamchenga ankakuwa ali pakhonde kuti, "Akamwini, mwanyamula njinga kapena njinga yanyamula inu?" Amuna anga ankaseka nawo, koma ine ndinkaona nsagwada zawo zikulimba.

Tsiku lina anabwera ndi kanthu m'thumba la feteleza. Kanali kainjini ka makina ochekera matabwa, anakapeza kwa anthu ocheka mitengo kumapiri kwawo, mpeni wa makinawo utathyoka. Kukula kwake ngati tambala basi, koti n'kukanyamula ndi dzanja limodzi. Koma atakaliza pabwalo, mbuzi ya amayi inadula chingwe, Takondwa analira mpaka kutsamwa. Kulira kwake si kwa njinga yamoto ayi, n'kokwera, kobaya m'makutu mpaka m'mano.

"Amake Takondwa," anatero, "aka kamagwetsa mtengo wa m'bawa. Ndiye kalephere thumba la mpunga?"

Ndinawayankha kuti kanthu kozolowera kugwetsa mitengo kadzagwetsanso munthu. Anaseka, ati akazi mumaopa ndi wailesi yomwe.

Anayamba kukhalira kwa a Nzunga, owotcherera zitsulo ku Sharpevale. Ine popita kukagulitsa tomato ndinkaima pamenepo n'kumayang'ana, chifukwa mtima sunkandilola kungodutsa. Injiniyo anaimangirira pakati pa njinga, pansi pa mtanda. Kenaka anatenga kalimu, kachitsulo kozungulira ka tayala la njinga ya ana, n'kukalumikiza ku masipoko a tayala lakumbuyo, kuti lamba wochokera ku injini azizungulira pamenepo. Kumanja sikukanatheka poti kuli tcheni, ndiye zonsezi anaziika kumanzere. Poyesa koyamba masipoko anathothoka ngati tsitsi, n'kukagula ena onenepa. Kalimu kaja kanatsekereza buleki yakumbuyo, basi anangoichotsa, n'kutsala yakutsogolo yokha. Ndiye poti chogwirira cha buleki yochotsedwayo chinatsala chopanda ntchito, anachilumikiza ndi waya kupita ku injini. Ukachifinya, m'malo moima, njinga imawonjezera moto.

Ine ndinafunsa za lamba, kuti bwanji akungozungulira pamtetete, osamuphimba ndi lata. A Nzunga anakweza magalasi awo akuda aja n'kundiyang'ana.

"Alamu, munaona chigayo chitavala malaya?"

Amuna onse anali pamenepo anafa nacho chiseko. Ndinachita manyazi, ndinasenza dengu langa n'kumapita.

Njinga ija inayenda, abale, sindinama. Anthu anaitcha Mavu chifukwa cha kulira kwake. Pamsewu wafumbi inkapitirira ndi njinga zamoto zomwe, eni ake akutukwana kumbuyo. Anaiyesa ndi matumba a mpunga, inakoka. Anaiyesa ndi amuna anzawo, mmodzimmodzi, onse okhala motangadza mathalauza ali m'miyendo. Malume omwe aja anakwera, anatsika chipewa chitatsala kunjira, akuti, "Akamwini, mutu muli nawo, ndagonja!" Sindinawaonepo amuna anga akusangalala ngati tsiku limenelo. Koma mkazi sanakwerepo ndi mmodzi yemwe, ndipo palibe anaganiza kuti zimenezo zili ndi kanthu.

Ine ndinkakana. Ndikaimva ikubwera patali ndinkamunyamula Takondwa n'kulowa naye m'nyumba. Kumjigo amayi anayamba kunong'ona kuti ngati mkazi wake yemwe sakwera, ndiye kuti akudziwapo kanthu. Amayi a geni, amene ndi ambiri pa okwera kabaza kuno, ankawakana amuna anga n'kukwera kwa ena. Amuna angawo sanandikalipire, koma anati, "Mudzi ndi wanu uno, ine ndine wobwera. Inu mukandikayika, andikhulupirira ndani?" Mawu amenewo anandilasa. Munthu anasiya kwawo chifukwa cha ine.

Linafika tsiku la sikelo. Amayi onse a ana aang'ono amayenda m'mawa pamsewu womwewo kupita kuchipatala cha ku Sharpevale. Bambo a Takondwa anati tikwere lero, onse akuoneni, nkhani ithe. Analonjeza kuti ayenda pang'onopang'ono. Ndinavomera.

Tsono apa mumvetsetse, inu owerenga. Ndinavala chitenje m'chiuno, china ndinaberekera mwana, chachitatu ndinamufunditsa pamwamba chifukwa cha fumbi, mfundo zonse ziwiri pachifuwa panga. Pakaliyala ndinakhala chammbali, miyendo yonse kumanzere, monga tinaphunzirira tili atsikana. Mkazi wapabanja satangadza njinga malume ake akuona, ndipo miyendo timaika kumanzere pothawa tcheni ndi mafuta ake akuda. Thupi limangochita lokha, suganiza n'komwe. Palibe anakumbuka, ine kapena amuna anga kapena malume amene anaima pomwepo akutitsanzika, kuti kumanzere kumene tinazolowera kuti n'kwabwino ndi kumene kunali lamba tsopano. Chitenje cha m'chiuno ndinachipinda bwino n'kuchipana m'mawondo. Koma chofunditsa mwana chinali chatsopano, chachitali, ndipo nsonga yake inkalendewera kumbuyo kumene maso anga safika.

Amuna anga anapalasa pang'ono, injini inagwira, tinanyamuka. Poyamba ankayendadi bwino. Titayamba kupitirira magulu a amayi aja, ena akukuwa, ena akuimba nthungululu monyogodola, ndinamva liwiro likukwera. Ndinawagwira lamba wa thalauza ndi dzanja lamanja. Takondwa ankalira, kumumva sindinkamumva chifukwa cha phokoso, koma ndinkamva kachifuwa kake kakugunda pamsana panga.

Kenaka china chake chinandikoka kumbuyo, ngati munthu wandigwira. Mfundo inandifinya pachifuwa mpaka mpweya kusowa. Ndinapindikira chagada, ndipo ndinamva mwana akutsetsereka kuchoka pamsana kupita m'chiuno, kulowera kumene kuli tayala. Chitenje chofunditsa chija chinali chitalowa pakati pa lamba ndi kalimu, chikukulungika, ndipo chinkakoka ndi choberekera chomwe. Ndinakuwa, amuna anga sanamve. Ndinawamenya nkhonya kumsana. Anatembenuka pang'ono, anaona nkhope yanga, ndipo dzanja lawo linachita zimene lakhala likuchita zaka zonse za kabaza: linafinya chogwirira cha buleki. Injini inalira ngati yapsa mtima, njinga inalumpha kutsogolo, mfundo zonse zinamasuka.

Kumsana kwanga kunapepuka. Amayi anzanga, kupepuka kumeneko musadzakumve. Ndinaponya dzanja lamanzere kumbuyo osaona, ndinagwira kamkono, ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse. Ndinamva kanthu kakuti phwa m'phewa mwake. Nthawi yomweyo zitenje zinadzaza m'tayala, tayala linauma, tonse tinauluka.

Ndinagwera chagada m'udzu wa m'mbali mwa ngalande, mwana ali pachifuwa panga. Sankalira. Maso anali otsegula koma sankalira. Injini inali ikuliralirabe pamsewu njinga ili gone. Ndinamuitana dzina, ndinamugwedeza, zii. Amayi aja anathamanga, mayi wina amene sindikumudziwa anandilanda mwana n'kumuuzira kumaso, ndipo patapita kanthawi kamene kwa ine kanali ngati chaka, Takondwa anakuwa. Ndinagwada pomwepo. Koma pomulandira ndinaona mkono wake wamanja ukungolendewera ngati chingwe chonyowa. Bambo ake anabwera akutsimphina, khungu la pabondo litasupuka, akungoti, "Ndimati ndiime, ndimati ndiime."

Mmodzi wa anyamata a njinga zamoto anatithamangitsira kuchipatala, ndinakwera motangadza, mwana ndili naye kutsogolo, manyazi ndinawaiwala. Anamwino a ku Sharpevale anatilandira msanga n'kutitumiza kuchipatala chachikulu cha ku boma pa ambulansi. Kumeneko anamujambula. Adokotala anati kafupa ka pansi pa khosi kathyoka koma kameneko kalumikizana, ana sachedwa. Chimene chinawadetsa nkhawa ndi mitsempha ya m'phewa, ati inakokeka kwambiri. Mwina idzadzuka, mwina ayi, tidikire. Ndinawafunsa ngati ndi kugwa kunachita zimenezi. Sanafune kundinamiza, anati ndi kukoka. Namwino wina ataona ndikulira anandigwira paphewa nati, "Mayi, mukanapanda kukoka, bwenzi tikukamba zina." Ndikudziwa ananena zoona. Chitenje choberekera chija atachichotsa m'tayala chinali zingwezingwe. Komabe dzanja limene linamva phwa uja ndi langali, ndipo ndikamatsuka mbale nthawi zina limamvanso.

Titabwerera kumudzi, malume omwe ankayamikira aja anayamba zoti mkamwini wopha ana abwerere kwawo ku Nsipe. Ndinawafunsa kuti nanga inu simunaime pomwepo ndikukwera? Anangolowa m'nyumba. Amuna anga sindinawathamangitse. Anamasula injini ija okha, anabwezera buleki, akupalasanso ngati kale. Madzulo amamukhazika Takondwa pamwendo n'kumamupinda ndi kumuwongola mkono monga anatiphunzitsira kuchipatala, akumuimbira, iye akuseka osadziwa kanthu.

Chimene chandilembetsa n'chakuti nkhani sinathere pa ife. Anthu anaona liwiro, za mwana wanga anaziiwala msanga. Amuna ena akusaka mainjini a makina ochekera, ndipo ndamvapo kale ina ikulira cha kumsika, lamba ali pamtetete kumanzere komweko. Ndikaona mayi wobereka akuyandikira njinga yotere ndimataya dengu n'kuthamanga, ena amandiyesa wamisala.

Abambo okonda zopangapanga, luso lanu sindikulinyoza, ndinaona ndekha kuti kupalasa kumapha mawondo. Koma phimbani lamba musanatulutse njinga pamsewu. Buleki isiyeni ikhale buleki, chifukwa pa ngozi dzanja silifunsa mutu. Injini yogwetsa mitengo ndi yaikulu mphamvu kuposa masipoko ndi buleki imodzi. Ndipo musati mwayesa chifukwa mwakweza matumba ndi amuna anzanu. Ife akazi timakhala mosiyana ndi inu, timavala zina, kumsana tili ndi anthu.

Amayi anzanga, musanakhale pakaliyala zungulirani njinga yonse muone chimene chikuzungulira ndi mbali yake. Pemphani mnzanu akuoneni kumbuyo ngati nsonga ikulendewera. Mtima ukakana, kanani, ngakhale njingayo ndi ya amuna anu, ngakhale kumjigo akunenani. Ine ndinaopa pakamwa pa anthu, ndipo anthuwo lero akutunga madzi awo bwinobwino.

Takondwa wayamba kuimirira tsopano, amagwira mpando ndi dzanja lamanzere lokha. M'mawa uliwonse ndimamupana dzanja labwinolo m'khwapa mwanga n'kumuonetsa kachidutswa ka nthochi kumanja, kuti mwina njala imukwezetse mkono. Amayang'ana nthochi, amayang'ana ine, kenaka amaitsata ndi pakamwa. Dzulo ndinaona ngati chala chachikulu chagwedezeka. Ndinakuwa kuitana bambo ake, pofika iwo chinali chitangokhala. Anagwada n'kuchiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Lero sanapite ku kabaza m'mawa. Akuti nthochi agwire ndi iwo, ine ndiyang'ane chala.