Supuni Imodzi ya Kambalame

Inu amene mwatopa ndi kulankhula popanda wokumverani, tamvani za mayi uyu.

Tsiku lina kusikelo ya ana, namwino anayang'ana muvi wa sikelo, kenako n'kuyang'ana mayiyu. "Mayi, koma mwanayu mumam'patsa chakudya? Watsikanso." Amayi anzake pabenchi anayamba kukodolana. Chowawa kwambiri n'chakuti mayiyu anali wophika pasukulu ya mkaka. Ana a eni ake ankanenepa ndi mapoto ake, wake nthiti zikuchita kuwerengeka.

Mwanayo ankamutcha Kambalame chifukwa ankangojompha. Supuni ikafika m'kamwa ankatsamwa, maso kufiira psuu, phala n'kutulukira m'mphuno. Apongozi ake a mayiyu ankati ndi matama chabe. "Mudzam'nyengerera mpaka liti? Bwera nayeni kuno!" Ankam'pana m'miyendo, kum'tsina mphuno, n'kuthira phala. Mwana ankasanza zonse, mpaka anafika poti akangoona mbale, kulira ngati waona jekeseni.

Mayiyu anafotokoza kuchipatala mpaka malovu kuuma. Yankho linali lomwelo: muzim'dyetsa pafupipafupi. Abale inu, ngati kuti wophika sadziwa zimenezo! Chibayo chinayamba kubwerabwera, ndipo mayiyu anaona kuti akamangoti "chabwino sisitala", mwana amuika m'manda.

Ulendo wotsatira sanam'dyetsere kunyumba monga amachitira aliyense. Ananyamula phala m'kakontena, ndipo ataitanidwa anakaliika patebulo la namwino.

"Sisitala, sindinabwere kudzakangana. Mungoona mmene amadyera."

"Mayi, mzerewu simukuuona?"

"Ndikuuona. Supuni imodzi yokha."

Supuni imodziyo inakwanira. Kambalame anatsamwa, kupuma kukuchita kulira pakhosi. Namwino anadzuka msangamsanga. "Basi, musam'patsenso. Pepani mayi, tinkangoyang'ana sikelo."

Anawatumiza kwa dokotala woona za kamezedwe, amene anapeza kuti chakudya chinkalowera njira ya mpweya. Mwana uja sanali wamakani ayi, ankaopa kutsamwa. Dokotalayo anaphunzitsa mayiyu kum'khazika mowongoka, kulimbitsako phala, ndi kudikira mwana atsegule yekha pakamwa. Zinatenga nthawi, masiku ena misozi ili mbwembwembwe, koma muvi wa sikelo unayamba kukwera. Apongozi aja anachita manyazi, n'kukagula kampando ka mdzukulu wawo.

Wina akanangothokoza n'kukhala phee. Osati mayi uyu! Ankakumbukira amayi ena amene ankawaona akutuluka kusikelo atazyolika. Anapita kukomiti ya chipatala kukapempha chinthu chimodzi: mwana amene sakukwera sikelo, namwino azimuona akudya asanakalipire mayi ake. Anamuuza kuti malo palibe. Anabweranso. Anamuuza kuti anamwino ndi ochepa. Anabweranso, ulendo uno ndi amayi anzake komanso namwino uja. Alonda apageti anafika pom'seka kuti, "Afikatu Mayi Supuni!" Iye ankangoseka nawo n'kulowa.

Lero pakona ya chipinda cha sikelo pali tebulo ndi timipando, pomwe ana amadya namwino akuonerera. Akapuma kuntchito, mayiyu amakhala pomwepo, ndipo mawu ake oyamba kwa mayi aliyense ndi akuti, "Pukutani misozi, si inu mayi woipa."

Nanga Kambalame? Anayamba sukulu ya mkaka yomwe ija. Tsiku lina anaima pamzere wa chakudya, n'kukweza mbale yopanda kanthu. "Amayi, onjezerani." Mayi ake anagwetsa chipande, n'kulira pamaso pa ana onse.

Mwana wanu akamavutika kudya, musam'kakamize, ndipo musalole kuti akubwezeni ndi mawu okha. Bwereraninso mpaka wina aone zimene inu mumaona. Mtima usagwe, pitirizani kugogoda.