Chithunzi cha Apongozi

Mkazi wanga ankajambula anthu zithunzi ku George ndi ku Matero mu Lusaka: akwati, omaliza sukulu, amayi a m'makwaya. M'chikwama chake munali malenzi awiri, magalasi omanga kutsogolo kwa kamera. Ina inali zumu, ija umangopotokola n'kukokera munthu pafupi iwe uli chiimire patali. Ndinamugulira ndine nditangoyamba ntchito pochoka ku koleji, ndipo anayamikira, koma ankaitulutsa pa maukwati pokha. Inayo ankaitchula kuti fifite. Inali yaing'ono, yosakoka chilichonse. Ukafuna nkhope ya munthu, unkayenda wekha kukaipeza.

Ndinkakonda kumuonerera akugwira ntchito. Ankafika pafupi, n'kufunsa ngati madzi abwera ku kiyosiki, uku akumukonza munthuyo duku ndi dzanja limodzi. Pomadzadina batani, munthu anali ataiwala kale kuti pali kamera. Ankati fifite imalowetsa kuwala kochuluka, moti ngakhale m'tinjira tothina ta pakati pa nyumba nkhope imatuluka bwino, ndipo zingwe zoyanikira ndi makoma osapaka kumbuyoko zimangosungunuka. Zumu ankati ndi ya anthu amanyazi, akundiyang'ana ine.

Atamwalira, amayi ake anatsala nafe miyezi ingapo kulera mwana wathu wamkazi, amene anali asanayambe kuyenda. Ine ndi apongozi tinkakhala monga tinaleredwera. Iwo akakhala pakhonde, ine ndinkadzera kuseri. Mawu athu ankadutsa kwa mlamu wanga, mkulu wake wa malemu, amene amakhala pafupi nafe.

Nthawi yobwerera kwawo ku Katete itakwana, anatuma mlamuyo kudzandiuza kuti akufuna chithunzi choti mwana azikula akuchiona, ndipo chikhale ngati zimene mwana wawo ankajambula. Matenda a shuga anali atawafooketsa, ndipo tonse tinkadziwa kuti ulendo wa ku Lusaka mwina sadzauyendanso. Basi inali ya m'mawa mwake.

Ndinatenga zumu. Mlamu anawaikira mpando pakhomo, ine n'kukaima kumpanda wa aneba, patali poyenera mkamwini. Anakhala mowongoka, manja pa maondo, maso pansi. Kunali mitambo, ndiye zithunzi zinatuluka zodera, chigubu cha madzi ndi mbaula zikuonekera kumbuyo kwawo. Mlamu anawapititsira kamera kuti aone. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kumuuza kuti nkhope imeneyo ndi ya pa chitupa, mwana angamaiope.

Kenako anatembenukira kwa ine, zimene anali asanachitepo chikwatirire mwana wawo.

"Atate ake a mwana, mnzanu sankaima kumpanda. Kalipo kagalasi kakang'ono kaja?"

Ndinayankha kuti kalipo, koma kamafuna kuti wojambula afike pafupi kwambiri, ndipo kwa ine sungakhale ulemu.

"Ulemu mwandipatsa wokwanira. Bwerani kuno."

Ndinalowa m'nyumba kukasintha lenzi. Fifite ndinali ndisanaigwire chichitikire maliro, ndipo ndinatenga kanthawi kuti ndiimange bwino. Nditatuluka ndinayenda mpaka nkhope yawo itadzaza galasi, pafupi moti ndikanatha kuwagwira dzanja. Ndinagwada, popeza sindikanatha kuwaimirira pamutu, ndipo kamera inafika ndendende pa maso awo.

Iwo ndi amene anayambitsa nkhani. Anafunsa ngati ndikudziwa kuti mwana sagona akapanda kumusisita kumsana, n'kufunsanso amene azidzamuluka tsitsi likakula. Ndinati ndiphunzira ndekha. Anandiyang'ana m'maso, kenako anayang'ana zala zangazi, n'kuseka pang'ono, ati mwanayo adzavutika. Ndinadina pomwepo.

Pa chithunzicho palibe chigubu, palibe khoma. Pali nkhope yawo yokha, makwinya onse akuoneka, diso lakumanzere litatsinzina pang'ono ndi kuseka. Mkazi wanga ankasekanso choncho, koma sindinkadziwa kumene anakutenga. Apongozi atachiona sanatume munthu. Anandiuza okha kuti chimenechi ndiye chotsukitsa.

Ndinakachitsukitsa ku Matero iwo atapita. Sindinachipachike m'mwamba mmene anthu amapachikira zithunzi. Ndinakhoma msomali m'munsi, pafupi ndi mpando, poti mwana akaimirira chogwirira azitha kuwaona agogo ake bwinobwino.